Kawailesi ka Baibulo ka pa Chitakale: mmene katithandizira ndi mmene katikanganitsira pa mlaga

Kawailesi kamene ndikukamba pano ndi kaja anyamata a zamafoni amayala pa Chitakale ndi pa Limbuli kuno ku Mulanje, kokhala ndi mabatani a manambala kutsogolo, kasola kumsana, tochi m'mbali ndi kachingwe kokolekera pamkono. Dzina lolembedwa pakatoni musalilabadire, chifukwa kawailesi komweko mukakapeza pa benchi yotsatira kali ndi dzina lina. Ife a mlaga wathu, kagulu ka akhristu a mpingo wathu okumana m'makomo kupemphera, tinasonkha n'kugula kamodzi, n'kuikitsamo memory card ya Baibulo lonse lowerengedwa m'Chichewa, kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso. Kadutsa nafe mvula, kadutsa nafe chiperoni, ndipo anzathu a milaga ina ndi a mipingo ina akhala akundifunsa pa mjigo ndi pamsika ngati n'koyenera ndalama zake. Ine ndine mlembi wa mlagawo, kope la zonse limakhala kwanga, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti ndisamangobwereza nkhani imodzimodzi.

Yankho lalifupi n'lakuti gulani, makamaka ngati muli gulu.

Chimene chinatipangitsa kugula aliyense wa kuno akuchidziwa. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, nyumba zambiri za m'munsi mwa phiri muno zinagwa, ndipo opulumutsa Baibulo anali ochepa. Munthu pothawa madzi usiku umanyamula mwana. Mabaibulo amene tinatola m'matope masamba anali atamatirirana, ndipo titayanika anangouma gwa, osatheka kutsegula. Tisanapume n'komwe, mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, Baibulo latsopano n'kukwera mtengo moti wothyola tiyi ankayamba waganiza za ufa. Komanso tinene zoona, ngakhale Mabaibulo akanakhalapo, pa mlaga pathu odziwa kuwerenga mokweza mosadodoma ndi owerengeka. Agogo ena maso anachita ng'ala, ena sukulu anailekeza Sitandade 3 n'kulowa m'munda wa tiyi.

Kawailesi tinagula K28,000, khadi ya 8GB K7,000, ndipo mnyamata wobena nyimbo anatilipiritsa K1,500 yotiikira Baibulo. Imeneyi ndi mitengo ya nthawi imene ija, lero musakadabwe akakutchulirani ina. Banja lililonse linasonkha K1,500, ndipo ndinalemba dzina ndi dzina.

Mawu ake ndi abwino kuposa kukula kwake. Pakhonde kapena m'chipinda chochezera, anthu atakhala pa mphasa ndi pa mabenchi, aliyense amamva popanda kukweza mpaka kumapeto. Panja pansi pa mtengo, mphepo ya kuphiri ikamaomba, akumbuyo amavutika. M'nyumba ya malata mvula ya ku Mulanje ikayamba, ingozimitsani muimbe nyimbo. Wowerengayo ndi bambo wa mawu odekha, sathamanga, ndipo mayina ovuta aja a mu Numeri ndi mu Mbiri, amene atsogoleri athu ankawadumpha ndi kakhosomole, iye amawatchula onse bwinobwino. Chichewa chake ndi cha masiku ano, si chija cha Buku Lopatulika la 1922 limene tinakulira. Poyamba akuluakulu anadandaula kuti sakumva ngati ali m'tchalitchi, ndipo amene ankatsatira m'Buku Lopatulika lawo ankasokera pakati pa ndime. Achinyamata ndiwo anakondwa. Agogo ena awiri anafunsa ngati mungalowenso Baibulo la Ellomwe lija linatuluka mu 2019, koma mnyamata wathu analibe.

Vuto loyamba ndi kupeza pamene mukufuna. Kawailesi sikadziwa Yohane kapena Yesaya, kamadziwa manambala okha. Baibulo lili ndi mitu 1,189, ya Chipangano Chakale 929 ndi ya Chatsopano 260, ndiye mutu uliwonse uli ndi nambala yake motsatana. Genesis 1 ndi 1, Mateyu 1 ndi 930. Ukafuna Salimo 23 udina 501, Yohane 3 ndi 1000 yeniyeni, 1 Akorinto 13 ndi 1075. Wogulitsa sanatipatse mndandanda uliwonse, ndipo m'katoni munali kapepala ka Chingerezi ndi Chitchaina kosanena kanthu za Baibulo. Anatithandiza ndi mwana wa Fomu 3 wa mayi wina wa pa mlaga, amene anakhala pansi ndi kope n'kuwerengetsa buku ndi buku mpaka manambala onse anakwana. Pepala lakelo tinalikuta ndi pulasitiki n'kulimangirira pa kachingwe kaja. Popanda pepala limeneli kawailesi n'kongoseweretsa ana.

Tina tosasangalatsa ndinene mwachangu. Ukakayatsa kamafuula mawu a Chingerezi a mzimayi wina, ndipo ukalakwitsa batani pakati pa pemphero kamalengeza za Bluetooth mudzi wonse n'kumva. Kutsogolo kuli timagetsi tothwanima tamitundumitundu tosayenera m'nyumba ya odwala, ife tinangomatapo selotepi yakuda. Ukazimitsa pakati pa mutu, poyatsanso kamayambira pachiyambi. Batire lake ndi lija lafulati la mafoni akale a Nokia, ndipo ichi n'chabwino chifukwa limapezeka pamsika uliwonse. Likadzaza limakwanitsa mapemphero a mlaga ndi madzulo ena, bola osayatsa tochi. Kasola kaja musakadalire. Dzuwa la mu Okutobala kamayesako, koma chiperoni chikakuta mu Juni ndi Julayi, mungakasiye panja tsiku lonse osapindula kanthu. Komanso kukasiya padzuwa kumatenthetsa batire, lathu loyamba linafufuma. Masiku ano timangokatchajitsa kwa wometa, pamodzi ndi mafoni.

Ndime ndiye simungaipeze. Mukafuna Yohane 3 ndime 16, muyenera kumva nkhani ya Nikodemo kuchokera pamene anafika usiku. Poyamba tonse tinati chimenechi ndi chilema chachikulu. Panopa ine ndimati ndi chimene kawailesi kanatithandiza nacho koposa.

Pa mlaga pathu, ndipo ndikukhulupirira kuti si pathu pokha, panali kachizolowezi kolalikira munthu. Wopatsidwa mpata wogawa mawu ankabwera ndi kandime kamodzi kosankha bwino, ndipo asanamalize kuwerenga aliyense anali atadziwa kale mwini uthengawo. Zopereka zikachepa, Malaki 3 ndime 10. Mayi akayankha amuna awo pagulu, Aefeso 5 ndime 22, koma ndime 25 yolamula amuna kukonda akazi awo osaifika. Mtsikana akatenga mimba, sabata imeneyo mayi ake ankadziwiratu kuti akakhala mutu uli pansi. Munthu ankachoka pa mapemphero mtima ukuwawa, sabata yotsatira osabwera, ife n'kumati wabwerera m'mbuyo. Kawailesi sikadziwa amene wakangana ndi mnzake. Kamayamba ndime 1 n'kukathera kumapeto, zokomera iwe ndi zokupweteka zonse pamodzi. Tsiku limene Aefeso 5 inamveka yonse, amayi anaseka mpaka ena kupukuta misozi ndi chitenje, ndipo bambo wina wokonda ndime 22 anangoti, "Kani zimapitirira?" Iwo ankadziwa bwinobwino kuti zimapitirira.

Tinagwirizana kuti tizitenga buku limodzi, mutu umodzi pa kukumana kulikonse, osadumpha. Tinayamba ndi Machitidwe a Atumwi. Apa ndiyenera kufotokoza kaye nkhani imene inali itatidya chamumtima. Freddy atapita kunabwera chithandizo cha ufa, ndowa, mabulangete ndi mapepala apulasitiki ofolerera, ndipo mayina a olandira analemba atsogoleri awiri. Mayi wina wamasiye amene nyumba yake inagweratu sanalembedwe, pamene m'bale wa mmodzi wa olembawo, amene kunagwa khitchini yokha, analandira. Kuyambira pamenepo mayi wamasiyeyo ndi akazi a bambo olembawo analeka kupatsana moni. Ankakhala mphasa imodzi, wina mbali iyi wina mbali iyo, n'kumaimba nyimbo imodzi. Tonse tinkadziwa, palibe ankanena.

Ndiye inafika nambala 1024, Machitidwe 6. Tinamva za dandaulo la mu mpingo wa ku Yerusalemu, kuti amasiye a gulu lina ankasiyidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo atumwi sanabise nkhaniyo koma anaitanitsa onse n'kusankhitsa amuna asanu ndi awiri oti aziyang'anira. Mutu utatha, agogo ena aakazi amene kawirikawiri amangosinza anadzutsa mutu n'kuuza mnyamata wogwira kawailesi, "Mwanawe, tabweza. Imeneyo ndi nkhani ya ufa uja."

Anabweza. Utatha kachiwiri, mayi wamasiye uja analankhula koyamba pagulu. "Abale, ine sindinalire ufa. Ndinalira kuti panalibe ndi mmodzi yemwe wodzandifunsa kuti ndi anawa mukugona pati." Bambo olemba aja anayamba kufotokoza kuti, "Amayi, obweretsa chithandizo ankafuna chiwerengero chawo, ife tinalibe mphamvu," n'kupitiriza ndithu nthawi yaitali. Tsiku limenelo sanapepese. Chimene chinatuluka n'chakuti thumba la maliro ndi odwala lizisungidwa ndi anthu atatu osankhidwa ndi mlaga wonse, ndipo mayina a olandira aziwerengedwa mokweza aliyense akumva. Amayi awiri aja tsopano amapatsana moni wa mwadzuka bwanji. Mchere sanayambe kubwerekana, ndipo ndinganame nditati ndi mabwenzi.

Ine chimene ndinaona n'chakuti munthu wina aliyense akanasankha mutu umenewo, pakanabuka nkhondo, chifukwa akanati wautenga dala. Koma unabwera pa nthawi yake, pambuyo pa mutu 5, kuchokera m'kanthu kapulasitiki kopanda m'bale pa mlaga. Panalibe womukwiyira.

Titamaliza Machitidwe tinalowa mu 1 Akorinto, ndipo ambiri aka kanali koyamba kulimva buku limeneli lonse. Tinkangodziwa mutu wa chikondi wa pa ukwati ndi ndime za pa mgonero. Tinamva za mpingo wogawikana, ena a Paulo, ena a Apolo, ena a Kefa. Munthu wokhala ndi mkazi wa bambo ake. Akhristu otengerana kubwalo la milandu. Pa mgonero wina kukhuta n'kuledzera mnzake ali ndi njala. Ndipo kalata yomweyo poyamba imawatchula anthu amenewa kuti mpingo wa Mulungu, oyera mtima. Mnyamata wina anati, "Ndiye ife tili bwinoko," akulu ampingo n'kumuyang'ana ndi diso loti akhale chete. Sindikuganiza kuti tili bwinoko. Koma zinandichotsera maganizo amene ndinakula nawo, oti kale kunali mpingo woyera wopanda miseche ndipo ife ndi amene tinauwononga. Paulo ndi Barnaba anakangana chifukwa cha Yohane Marko mpaka kusiyana njira. Pa nambala 1107, Afilipi 4, pali amayi awiri, Euodiya ndi Suntuke, amene mkangano wawo unafika mpaka m'kalata yowerengedwa pamaso pa mpingo wonse, ndipo Paulo sakuwachotsa, akupempha wina kuti awathandize. Anthu amenewa ankaphunzira kutsata Yesu ali pakati pa anzawo ovuta, monga ife.

Tsopano za kukangana kumene kanabweretsa kawailesi keniko. Walira mvula walira matope.

Titangogula, akulu ampingo a m'dera lathu anati kazikhala kwawo, poti iwo ndiwo mkulu. Palibe anatsutsa. Koma kawailesi kameneka kali ndi FM, ndipo imakoka bwino: MBC, Zodiak, Trans World Radio, Mzati ya konkuno, ndipo mukayandikira ku Muloza kamakokanso za Chipwitikizi za ku Mozambique. Ndiye tsiku la mlaga likafika, tikangoyamba kumva mawu, batire thii. Mwana wawo ndi amene anaulula mosadziwa kuti kumapeto kwa sabata kanagwira ntchito ya mpira wa Bullets ndi Wanderers. Kuuza munthu wamkulu zotere n'kovuta. Anatha ndi mayi wina wachikulire amene anagwada pang'ono n'kunena kuti, "Bambo, kawailesika katopa ndi mpira, kakapumeko kwa ena." Akuluwo anaseka nawo, ndipo ndiwayamikire chifukwa sanasunge mangawa. Tinapanga ndandanda yoti kazigona banja ndi banja masiku angapo, n'kubwera kotchaja pa tsiku la mlaga.

Ndandandayo ndi imene inatifikitsa pa bambo wina wokonza njinga, amene anaimitsidwa pa mgonero chifukwa cha mowa. Akazi awo sajomba pa mlaga, koma iwo anali atasiya kubwera. Dzina la banja lawo litafika, panabuka mawu. Wina anati kakapinyolitsidwa ku kachasu. Wina anati chinthu cha Mawu a Mulungu sichingagone m'nyumba yonunkha mowa. Akazi awo anali pomwepo, maso ali pansi, akupotapota nsonga ya chitenje. Ine ndinangotsegula kope n'kuwerenga mayina a osonkha. Bambowo anapereka K1,500 yawo m'gulu la oyambirira, pamene ena mwa okanawo anali asanamalize yawo. Mayina a osamalizawo sindinawatchule, koma eni ake anadzimva. Kawailesi kanapita.

Kanabwerako, ndipo kanabwera kali bwino kuposa mmene kanapitira. Potchajira pake panali patayamba kugwedera, mpaka tinkachita kutsamiritsa chingwe pa mwala kuti moto ulowe. Ichi ndi chilema cha mawailesi onsewa, potchajira ndi posalimba. Bambowo anatsegula, anawotcherera, n'kudula mphira ya chubu n'kumanga chotsekera batire chimene chinkangogwa. Pa mlaga wotsatira anabwera okha kudzapereka, n'kuima kumbuyo pafupi ndi khomo. Nthawi ya mafunso anakweza dzanja. Anati anamvera Luka yense ndi Yohane, mpaka pamene Petro anakana Ambuye katatu ndi pamene Ambuye anamufunsa katatu m'mbali mwa nyanja ngati amawakonda. Ndiye anafunsa akulu ampingo aja, mwaulemu ndithu, "Bambo, kodi Petro anakhala nthawi yaitali bwanji pa kalasi asanamubwezere?"

Ena anafuna kuseka, koma akuluwo sanaseke. Anayankha kuti chilango cha mpingo chili ndi malo ake, n'kuuza mnyamata kuti adine 947, Mateyu 18, tonse timve mmene m'bale wolakwa amayenera kutsatidwira, poyamba pa awiri, kenako ndi mboni, kenako mpingo. Mutuwo uli mkati, tinamvanso za mbusa wosiya nkhosa 99 kukafuna imodzi, chifukwa zili m'mutu womwewo ndipo kawailesi sikadumpha. Utatha akuluwo anati, "Achimwene, chikuimitsireni, ndani wa ife anabwera kwanu?" Bambowo anati palibe. Kuyambira pamenepo abambo awiri amapitako madzulo ena. Sindikunena kuti mowa anasiyiratu. Mwezi ukatha, a ku esiteti akalandira n'kuyamba kukonzetsa njinga, nthawi zina timamva kuti aonekanso kumene sayenera kuoneka. Pa mgonero sanabwezeredwe. Koma pa mlaga amabwera, ndipo tsopano amakhala pa benchi, saimanso pakhomo.

Ine chilango sindikuchitsutsa. Mpingo wongoyang'ana munthu akuwononga banja lake osanena kanthu suli pa chikondi. Chimene ndikutsutsa ndi kumuimitsa munthu n'kusamba m'manja, n'kumadikira kuti akadzikonze yekha kutchire adzabwere atayera. Chimene chinatituma kwa bamboyo n'chakuti kawailesi kanali ka tonse, ndiye tinakakamizika kuyankha pagulu ngati iwo akadali mmodzi wa ife.

N'chifukwa chake ndikulimbikira zoti mugule muli gulu. Mlamu wanga wina atakaona, anakagula kakekake, ndipo chigulireni kutchalitchi ndi ku mlaga anasiya. Zifukwa zake ndikuzimvetsa. Mwana wake wamkazi atabwerako ku banja, amayi ena a yunifolomu ananena zambiri zopweteka, zina zabodza. Nditapita kukamuona anati, "Mlamu, Mawu ndi omwewo, ndipo kawailesi sikanena miseche." Pamenepo sananame. Amamvera m'mawa akusesa, amamvera akusenda chinangwa, ndipo mitu imene wamva yaposa ya ife tonse. Koma mukamvetsera makalata aja, zambiri zimene amalamula ndi zochitirana: kukhululukirana, kupirirana, kunyamulirana zolemetsa, kuchenjezana. Ndinamufunsa kuti, mlamu, uli wekha pakhomo pano ukhululukira ndani? Anati ndimulekere zimenezo. Amuna ake atagonekedwa kuchipatala, amene ankasinthana kupita ndi phala ndi nkhuni anali amayi omwe aja ananena misechewo, ndipo mmodzi wa iwo anakanenanso kunja za matendawo zimene sanayenere kunena. Ndi mmene tilili. Mlamuyo mpaka lero sanabwerere, ngakhale pa maliro ndi pa odwala amapezeka, ndipo ine sindinasiye kumuitana.

Palinso china choti muchenjere nacho. Kawailesi kamawerenga, sikamasulira. Mukafika mu Levitiko, Ezekieli kapena Danieli, mafunso amachuluka kuposa mayankho, ndipo pa gulu lililonse pamakhala mmodzi amene akangomva za zilombo za mu Chivumbulutso amayamba kutchula mayina a mayiko ndi a andale. Abusa athu ali ndi nyumba za mapemphero zambiri, kwathu amafika mwa apo ndi apo. Ndiye mafunso otikanika timawalemba kumapeto kwa kope, akabwera n'kuwapatsa. Iwo amati aka n'koyamba kulandiridwa ndi mafunso m'malo mwa milandu yokhayokha. Komanso Baibulo la pepala likufunikabe. Pa kawailesi sungalembe mzere pansi pa ndime, sungabwerere pa mawu amodzi n'kuwasinkhasinkha, ndipo ana athu ayenera kuphunzira kutsegula okha. Pa mlaga pathu pali kale kusagwirizana kwina: ena akufuna tisonkhe tigule kawailesi kachiwiri, ena akufuna Mabaibulo a pepala oti azibwerekedwa. Ine ndili mbali ya a pepala, koma ochuluka akuoneka kuti ali mbali inayo.

Ena adzati bwanji osangomvera pa foni, poti pa YouVersion ndi pa Bible.is Baibulo la mawu limapezeka ulere. Ngati muli ndi foni yaikulu ndi bandulo yokopera, chitani. Ife tinayesapo ndi foni ya mphunzitsi wina. Mawu ake ndi ochepa, pakati pa Salimo pamalowa foni ya munthu wofuna ngongole yake, ndipo mwini foni akapita ku Blantyre Baibulo lapita naye. Foni ndi ya munthu mmodzi, sungaisiye kwa agogo odwala kuti igone. Alipo makina ena otchedwa Proclaimer a bungwe la Faith Comes By Hearing, opangidwira magulu omvera, okhala ndi sola yeniyeni ndi chopukusa pamanja, koma amenewo amadzera m'mipingo ndi m'mabungwe, sagulitsidwa pa benchi. Mukamva kuti mpingo wanu ungawapeze, yambani mwafunsa kumeneko.

Pamene kawailesi kamagwira ntchito yopanda chodandaula ndi kwa odwala ndi okalamba. Apongozi anga aakazi, amene Baibulo lawo ankalidziwa ngati munda wawo maso asanafe, manambala a 501 ndi 599 anawaloweza ndi chala, ndipo Salimo 23 ndi Salimo 121 amaziyatsira okha. Nthawi yothyola tiyi kwambiri, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, anthu amaweruka atatheratu moti kuwerenga ndi nyali sangathe, koma kumva akudya nsima amatha.

Za mnyamata wobena uja ndinene zabwino ndi zoipa. Ndi waulemu, ndipo titabwerera kukadandaula kuti mitu ina ya mu Yeremiya inkaduka pakati, anatikonzera osalipiritsanso. Koma anatiikira basela amene sitinapemphe. Tinadziwira pa siwa. Usiku anthu atatopa kuimba, tinayatsa Chivumbulutso 21, za kupukutidwa kwa misozi, n'kukasiya kapitirire mutu 22. Ameni womaliza atangomveka, nambala 1190 inalowa yokha, nyimbo ya m'mabala ya ng'oma zamphamvu, pakati pa anamfedwa. Wogwira kawailesi anali atasinza, ndipo pofuna kuzimitsa msanga anadina batani lokwezera. Mwamwayi eni maliro ndi anthu ofatsa, ndipo m'mawa mwake ena ankaseka chobisa kumanda, koma likanakhala banja lina tikanaitanidwa kwa amfumu.

Ndiye mukapita kukagula, musapereke ndalama kawailesi kali m'katoni. Uzani wogulitsa akatsegule, aike khadi, adine 1, kenako 597, amene ndi Salimo 119 wa ndime 176, ndipo mudikire ndithu mumve ngati afika kumapeto. Adine zingapo pakati pa 746 ndi 797, ndiye Yeremiya ameneyo. Adine 1189, kenako 1190, ndipo pakamveka chilichonse afufute inu mukuona. Gwedezani chingwe chotchajira chili cholowetsa, kagetsi kofiira kakamathima mutenge kena. Khadi musagule yotchipitsitsa yopanda paketi, ndipo mupemphe kuti Baibulolo alikoperenso pa foni kapena pa kompyuta ya wina wa gulu lanu, chifukwa khadi ndi kanthu kakang'ono, ana amakatulutsa n'kukataya mu mchenga. Batire lapadera mugulire limodzi tsiku lomwelo. Pepala la manambala ndingathe kubwereketsa lathu kuti mukajambulitse, bola libwere lisanafike tsiku la mlaga.